Laputopu yakale ikukana Wi-Fi: mukonze rauta, musake driver, kapena mungogula ka USB?

Laputopu yanga ya 2008 inakhala mkabati zaka zingapo ndithu, mpaka tsiku lomwe ija ndimagwiritsa ntchito masiku onse inafa sikirini. Ndinaitulutsa, kuipukuta fumbi, inayaka bwinobwino. Kiyibodi yake mpaka lero ndimaikonda kuposa za masiku anozi. Koma pa Wi-Fi ndiye zii. Netiweki za anthu oyandikana nane imaziona ziwiri zitatu, koma yanga, yomwe rauta yake inali pa tebulo lomwelo, osaiona ata. Masiku awiri athunthu ndinali kalikiliki kuchotsa driver (kapulogalamu komwe kamayendetsa chipangizo cha Wi-Fi), kuikanso, kuzimitsa, kuyatsa, pomwe vuto silinali driver ayi. Rauta inali itadzisankhira yokha chanelo 13, ndipo kadi ya Wi-Fi ya mu laputopumo imangoona chanelo 1 mpaka 11 basi, monga makadi ambiri omwe anapangidwira msika wa ku America. Nditalowa mu ma settings a rauta nkuikhazika pa chanelo 6, dzina la netiweki yanga linatulukira pompo.

Ndiye chomwe ndikufuna kukuuzani choyamba nchakuti njira zilipo zambiri koma iliyonse ili ndi matenda ake omwe imachiza, ndipo mukadumpha kufufuza mugula chinthu chomwe simumafunika kugula.

Yambani ndi zooneka ngati zachibwana. Malaputopu ambiri a nthawi imeneyo ali ndi ka switchi kakang'ono mmbali kapena kutsogolo kozimitsira Wi-Fi, ndipo kamatha kusuntha kokha poika mchikwama. Ena ndi Fn pamodzi ndi batani lina la F lomwe lili ndi chithunzi cha eriyo. Lowaninso mu BIOS, ma settings aja olowamo kompyuta ikangoyaka kumene, muone ngati wireless sinazimitsidwe kumeneko. Amene muli pa Linux lembani rfkill list mu terminal, ikati hard blocked yes dziwani kuti ndi switchi kapena BIOS, palibe driver yomwe ingakuthandizeni, ikati soft blocked yes ndiye rfkill unblock all imathetsa. Chinanso chomwe chimapusitsa anthu ambiri ndi tsiku ndi nthawi. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard kakatha mphamvu laputopu imabwerera kuchaka chakale kwambiri, Wi-Fi imalumikiza bwinobwino koma tsamba lililonse likukana kutseguka likudandaula za certificate, inu nkumati ndi Wi-Fi. Konzani tsiku kaye muone.

Kenako dziwani dzina la chip yomwe ili mkatimo, osati dzina la laputopu. Malaputopu awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi makadi osiyana. Pa Windows pitani mu Device Manager, dinani kadiyo ngakhale ikuoneka ngati chinthu chosadziwika chokhala ndi chizindikiro chachikasu, mu Details sankhani Hardware Ids. Mukaona VEN_8086 ndi Intel, VEN_14E4 ndi Broadcom, VEN_168C ndi Atheros, VEN_10EC ndi Realtek, VEN_1814 ndi Ralink. Nambala yotsatira DEV ndiyo ikuuzani mtundu weniweni. Pa Linux ndi lspci -nn, kapena lsusb ngati kadiyo inalumikizidwa ngati USB mkatimo. Lembani manambalawa papepala, muwafuna kangapo.

Tsopano njira yosalira kugula kalikonse ndiyo kukonza rauta, ndipo ngati laputopu ikuona netiweki za ena koma yanu ayi, kapena ikuiona koma ikukana pasiwedi yomwe mukudziwa kuti ndi yolondola, yambirani pamenepa. Makadi a Wi-Fi ya mtundu wa 802.11b, omwe anabwera mu 1999, ndi a 802.11g a mu 2003, amangomva 2.4 GHz basi. Ngakhale ambiri a 802.11n, yomwe inavomerezedwa mu 2009, ndi a 2.4 GHz yokha, makamaka mu malaputopu otchipa. Ndiye ngati rauta yanu ikuulutsa 5 GHz yokha, laputopu siidzaiona mpaka kalekale. Marauta ena amaphatikiza zonse ziwiri pansi pa dzina limodzi, amati Smart Connect kapena band steering, ndipo makadi ena akale zimenezi zimawasokoneza. Ndimalangiza kuzilekanitsa, 2.4 GHz ikhale ndi dzina lakelake, chanelo muikhazike pa 1, 6 kapena 11, mode ikhale yosakaniza b/g/n. Palinso nkhani ya marauta a Wi-Fi 6: makadi ena a Intel osati akale kwambiri, monga 7260 ndi 3160, samaziona netiweki zimenezi ngati driver ndi yakale, ndipo Intel eniake anatulutsa ma driver okonza vutoli. Ngati driver yatsopano simungaipeze, zimitsani ax, yomwe ndi Wi-Fi 6 yomweyo, pa 2.4 GHz ya rauta.

Mbali ya chitetezo ndi pomwe ndimafuna mumvetsetse bwino. WPA3, njira yatsopano yotetezera Wi-Fi ndi pasiwedi, inabwera mu 2018, kadi yakale siidziwa. Marauta ambiri ali ndi mode yosakaniza WPA2 ndi WPA3 yomwe papepala imayenera kulandira aliyense koma zida zina zakale zimakanabe, ndiye kuikhazika pa WPA2-PSK yokhala ndi AES ndi chinthu chabwinobwino, palibe choopsa kwenikweni bola pasiwedi ikhale yaitali. WPA2 ndi ya 2004, makadi ambiri opangidwa kuyambira nthawi imeneyo amaidziwa. Koma chonde musatsike kupitirira pamenepo. Mukasakasaka pa intaneti mupeza malangizo akale akuti ikani WEP, chitetezo chakale kwambiri, kapena chotsani pasiwedi, ndipo zoonadi laputopu ilumikiza, koma WEP inathyoledwa kalekale, munthu wodziwa amaitsegula pa mphindi zochepa, ndiye mwatsegulira chitseko cha nyumba yonse, mafoni onse, kompyuta zonse, chifukwa cha laputopu imodzi. Zimenezo ayi. Kadi ikakhala kuti siingapitirire WEP kapena WPA yoyamba ija, pitani ku njira zina zili mmunsizi. Kuipa kwina kwa njira ya rautayi nkwakuti imathandiza panyumba panu pokha, mukapita kwina komwe rauta si yanu vuto labwereranso.

Njira yachiwiri ndi kusaka driver ya kadi yomwe ili mkati kale, ndipo iyi ndi ya inu amene mwangoika Windows kapena Linux yatsopano nkupeza kuti Wi-Fi kulibiretu, ngakhale kachizindikiro kake komwe. Ikatheka ndiyo njira yokoma kwambiri chifukwa ma eriyo a mkati mwa laputopu amadutsa kuseri kwa sikirini mpaka pamwamba, amakoka netiweki bwino kuposa tima USB tating'onoting'ono, komanso palibe chotulukira kunja choti nkuthyoka.

Pa Windows, tengani nambala za VEN ndi DEV zija musake nazo, muyambire tsamba la kampani yomwe inapanga laputopu, kenako la opanga chip. Nthawi zambiri driver ya Windows 7 kapena Vista imagwirabe pa Windows 10 mukaiika pamanja kudzera mu Device Manager, bola mulondole zoti 32-bit kapena 64-bit. Pewani timapulogalamu tija tomwe timalonjeza kukupezerani ma driver onse kamodzi, tambiri timabwera ndi zinyalala zomwe laputopu yofooka kale siingazinyamule. Amene mudakali pa XP, WPA2 imafuna Service Pack 3, kapena Service Pack 2 yokhala ndi update yake. Koma ndinene mosabisa, Microsoft inasiya kusamalira XP mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndiye kuilumikiza kompyuta yotero pa intaneti nkumalowera nayo ku banki kapena ku imelo yanu ndi kudziika pachiswe. Ine ndimakonda kuikamo Linux yopepuka, ndipo nzomwe ndinachita pa yangayo pambuyo pake.

Pa Linux nkhani imatengera chip. Atheros ndi mtendere weniweni, ma driver ake ath5k ndi ath9k ali kale mu kernel, womwe ndi mtima wa Linux, mumangoyatsa basi. Intel nayo siivuta, 2200BG imayendera ipw2200, 3945ABG imayendera iwl3945, chomwe zimafuna ndi firmware yokha, kafayilo komwe chip imafuna kuti igwire ntchito, ndipo ma distro ambiri, kutanthauza mitundu ya Linux, amabwera nayo. Debian kale imaisiya panja firmware imeneyi ndiye anthu amavutika, koma kuyambira Debian 12 ya 2023 anayamba kuiphatikiza mu installer. Yomwe imatopetsa ndi Broadcom. Pali ma driver angapo a kampani imodzi yomweyo ndipo amalimbana okhaokha. Makadi akale monga BCM4318 ndi BCM4311 amafuna b43, yomwe ili kale mu kernel koma firmware yake muyenera kuitenga padera, pa Debian ndi Ubuntu ndi package ya firmware-b43-installer. BCM4313 imayendera brcmsmac. Ena amafuna driver ya Broadcom eniake yotchedwa wl, yomwe pa Ubuntu yakhala ikudziwika ndi dzina la bcmwl-kernel-source, pa Debian broadcom-sta-dkms. Cholakwika chomwe anthu ambiri amachita ndi kuika wl pa kadi yofuna b43, chifukwa wl ikalowa imatsekereza b43, ndiye ngakhale muike firmware yolondola pambuyo pake sizigwira mpaka mutaichotsa wl. Muthanso kumva za ndiswrapper, yomwe imabwereka driver ya Windows XP nkuigwiritsa ntchito mu Linux. Inathandiza anthu ambiri nthawi yake koma pano inasiyidwa mmbuyo, musataye nayo nthawi.

Vuto la njira iyi ndi lakuti kuti mupange dawunilodi driver mukufunika intaneti, ndipo intanetiyo ndi yomwe mulibe. Apa ndi pomwe foni imalowera.

Tengani foni ya Android, ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe cha USB, mu ma settings yatsani USB tethering. Laputopu imaiona foniyo ngati netiweki ya chingwe, Wi-Fi ya laputopu osakhudzidwa nkomwe. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti foniyo ikakhala kuti ili pa Wi-Fi ya panyumba, imagawa Wi-Fi yomweyo, data yanu siidyedwa ayi. Ndiye kuti foni yasanduka kadi ya Wi-Fi, yodziwa 5 GHz, mwinanso WPA3 ngati si yakale kwambiri. Pa Linux ndi pa Windows 7 kupita mtsogolo nthawi zambiri zimangogwira zokha, pa XP pamafunika kafayilo ka inf kapadera. iPhone nayo imatha koma pa Windows imafuna ma driver a Apple omwe amabwera ndi iTunes, komanso iyo imagawa data ya pa SIM osati Wi-Fi. Onetsetsani kuti chingwe ndi chodutsitsa data, zingwe zina nzongotchajira basi ndipo ka batani ka tethering kamangokhala kotuwa osadinika. Ngati yongodutsira kuti mutenge driver, njira imeneyi palibe yoiposa. Ngati yokhalitsa ndiye imatopetsa, foni yamangirirdwa ku laputopu, ikutentha, wina akaimba mwasokonezeka. Pokhapokha ngati muli ndi foni ina yakale yongokhala mu drowa, imeneyo ipatseni ntchito imeneyi ikhale yake.

Kwa anthu ambiri omwe kadi yamkati yafa, kapena ndi yakale moti singathe WPA2, ine ndimati gulani ka USB ka Wi-Fi. Nkotchipa poyerekeza ndi njira zina zogula, simutsegula laputopu, ndipo mukadzasintha kompyuta mumangokazula nkupita nako. Koma pali msampha umodzi waukulu. Dzina la pa bokosi silikuuzani chip yomwe ili mkati, ndipo opanga amasintha chip dzina osasintha. Chitsanzo chodziwika ndi TP-Link TL-WN722N: v1 inali ndi Atheros AR9271 yomwe pa Linux imagwira mosavuta, pomwe v2 ndi v3 ndi Realtek, nkhani yake ya driver ndi ina. Ndiye yang'anani kanambala ka version pa bokosi, musake kuti mkatimo muli chani musanapereke ndalama. Pa Linux ma chip omwe driver yake ili kale mu kernel ndiwo abwino, monga AR9271, Ralink RT5370, MediaTek MT7601U, kapena MT7612U ngati mukufuna 5 GHz. Ma Realtek ena amafuna driver yomanga nokha, ndipo kernel ikangosintha mutha kudzuka Wi-Fi itasowa, zomwe kwa munthu amene akungofuna kugwira ntchito yake nzowawa. Pa Windows werengani pa bokosi kuti yanu yalembedwa, chifukwa tatsopano tambiri timayambira Windows 10, XP ndi 7 analeka kuzilemba.

Pa kukula kwake, tating'onoting'ono tonga chikhadabo ntosangalatsa chifukwa mumakasiya momwemo poika mchikwama, koma eriyo yake ndi yaing'ono, khoma limodzi kapena awiri netiweki yafooka. Tokhala ndi eriyo yotulukira kunja timakoka patali koma timathyoka msanga, ndipo tikathyoka timatha kuwononga doko la USB lomwe. Mukakhala kutali ndi rauta tengani ka eriyo, muike pa kachingwe koonjezera ka USB kuti kasamalemere pa doko. Musavutike kugula kothamanga kwambiri. USB 2.0 malire ake ndi 480 Mbps papepala, zenizeni nzochepera, ndipo laputopu yakale kwambiri ya USB 1.1 imathera pa 12 Mbps, kaya mugule kotani. Mukakalowetsa pa doko, zimitsani kadi yamkati kuti ziwirizi zisamalimbane.

Kusintha kadi yamkati ndi njira yomwe ndimaikonda mumtima koma sindiuza aliyense kuti aichite. Pansi pa malaputopu ambiri akale pali kachitseko ka screw imodzi kapena ziwiri, mukatsegula kadi ili pomwepo, tizingwe tiwiri ta eriyo, kakuda ndi koyera, titadinikizidwa pamwamba pake. Timazuka pokoka molunjika mmwamba ndi chikhadabo, pobwezera mumamva kakuti tapu. Mwa njira, musanagule kalikonse yang'anani ngati kamodzi sikanazuke, chifukwa laputopu yomwe imangoona Wi-Fi mukaiyandikiza pa rauta penipeni nthawi zambiri ndi eriyo yozuka kapena kachingwe koduka pomwe sikirini imapindikira, ndipo kachingwe kakaduka kadi yatsopano siithandiza kanthu. Malo olowetsa kadi alipo amitundu: Mini PCI mu akale kwambiri, Mini PCIe kuyambira cha mma 2006, yomwe ilipo yaitali ndi ya theka, kenako M.2 mu atsopanoko, omwe timitu ta eriyo take ntating'ono kuposa takale. Mini PCIe ndiye muli ndi mwayi, makadi a n ngakhale a ac alipo. Mini PCI zosankha nzochepa.

Chomwe chimagwetsa ulesi ndi whitelist. Malaputopu ena BIOS yake ili ndi mndandanda wa makadi ololedwa, mukaika ina imakana ngakhale kuyaka. Ma ThinkPad ambiri akale amalemba error 1802, ma HP ena error 104. Njira yake ndi kupeza kadi yopangidwira mtundu womwewo wa laputopu. Alipo omwe amaika BIOS yosinthidwa kuti achotse mndandandawo, koma ikalakwika pakati laputopu yafa yonse, ndiye ngati ndi kompyuta yokhayo yomwe muli nayo musayerekeze. Dziwaninso kuti ma eriyo a laputopu yomwe inabwera ndi kadi ya 2.4 GHz yokha mwina sangakoke 5 GHz bwino kwenikweni ngakhale kadi yatsopano ikuidziwa. Ndipo chotsani batire ndi chaja musanakhudze mkati.

Makadi olowetsa mmbali aja a PCMCIA ndi ExpressCard sindikhalitsapo, opezeka pano ndi ogwiritsidwa kale ntchito ndipo a PCMCIA ambiri ndi a b kapena g, matenda omwewo a kadi yamkati. Ngati doko la USB ndi 2.0, ka USB kakuposa.

Yomaliza ndi yomwe anthu saiganizira kawirikawiri koma pa laputopu yakale zedi ndiyo yodalirika kuposa zonse: karauta kakang'ono kokhala ndi client mode. Kameneka kamalumikiza ku Wi-Fi ya panyumba m'malo mwa laputopu, kenako kamapereka intaneti kudzera pa chingwe cha Ethernet. Laputopu imangoona ngati mwaibaya chingwe basi, palibe driver ya Wi-Fi, palibe za WPA, kaya muli XP, Windows 98 kapena Linux yamtundu wanji, bola doko la Ethernet likugwira. TP-Link TL-WR802N ndi timarauta ta GL.iNet timachita zimenezi, tambiri timadya magetsi a pa USB, ndiye laputopu yomweyo itha kukapatsa moto. Rauta yakale yomwe munaisiya nayo itha kugwira ntchitoyi ngati ili ndi client mode kapena ngati ikulola OpenWrt, Linux yoika mu marauta. Kuipa kwake ndi zingwe, kabokosi kakulendewera, poyenda nzosokoneza, komanso mukafika malo atsopano muyenera kulowa mu ma settings ake kudzera pa browser kuti musankhe netiweki. Ngati laputopu imangokhala pa tebulo limodzi zimenezi si vuto. Ndipo ngati tebulolo lili pafupi ndi rauta, ingokokani chingwe cha Ethernet molunjika, 100 Mbps ya doko lakale ikuposa Wi-Fi ya g kutalitali, yomwe 54 Mbps yake ndi ya papepala, zenizeni zimakhala pafupifupi theka.

Ine pa yanga ija ndinathera pa kadi yamkati yomweyo, rauta pa chanelo 6 ndi WPA2, ndipo nditaikamo Linux ndinadzera pa foni ndi chingwe kutenga firmware ya b43. Chinatsala chinali chakuti Wi-Fi imaduka ikakhala pa batire, mphindi zingapo yapita, yabwera, yapitanso. Kunali kusunga moto kwa kadi. Pa Linux iw dev wlan0 set power_save off imazimitsa zimenezi, muike dzina la kadi yanu pomwe pali wlan0, ndipo imabwerera mukazimitsa kompyuta pokhapokha mutaikhazika mu NetworkManager. Pa Windows ndi mu Power Options, pa Wireless Adapter Settings musankhe Maximum Performance, komanso mu Device Manager muchotse kachizindikiro kolola kompyuta kuzimitsa kadi posunga moto. Batire itha msangako pang'ono, koma chizimitsireni changa sinadukenso.